Mizere Itatu

Anabwera onse awiri Lachinayi,
wina jekete lili m'jumbo,
winayo atalikoleka pamkono ngati mwana wodwala.
Ine ndinali pakhonde panga ku Mbare,
phazi pa makina, singano pakamwa,
makondakitala akukuwa za ku Machipisa ndi ku Mufakose.

Maliro a Jailosi ndi Loweruka.
Akufuna mizere isokedwenso, mabatani awale.

Bambo Mtambalika anali wapansi, woyenda ndi miyendo.
Sajeni. Mizere itatu ngati mapazi a nkhuku pamchenga.
Bambo Chidzanja anali wa ndege ku Manyame,
mizere itatu yomweyo,
koma pamwamba pake pali kachizindikiro
kamene njenjete zadya theka.
"Kameneka," akutero, akukagogoda ndi chikhadabo,
"ndiko kandiike ine pafupi ndi bokosi."

"Pafupi ndi chiyani?
Iwe nkhondo unkaionera m'kapu ya tiyi.
Unkagona pa matilesi, nsapato zosadziwa matope,
ndege ikauluka iwe n'kutsala pansi ndi sipanala.
Ife panjira ya ku Beira
tinkamwa madzi a m'mapazi a ng'ombe,
sokosi imodzi masabata atatu,
nsabwe zikuchita perete m'misoko.
Mzere uliwonse ndinaugula ndi chikhadabo cha kuphazi."

Chidzanja sanapse mtima. Anapukuta magalasi.
"Tsiku munapanikizidwa pamlatho lija,
ukulira pa wailesi ngati mbuzi yapachingwe,
anachezera usiku wonse pa injini ndani?
Ndikanaiwala bawuti imodzi,
bwenzi pano udzu utakula pamimba pako."

Ndinaduka ulusi ndi mano, osayankhapo.
Wa m'kati mwa njovu ziwiri sayeza minyanga.

Anakangana mpaka mthunzi unachoka pa makina.
Anafika ndi ku Kariba,
kwa anyamata a maboti onunkha dizilo ndi kapenta.
Akuti kumaiko a nyanja zamchere
kaputeni wa pamadzi amaposa kaputeni wa pamtunda,
ngati kuti madzi amatupitsa nyenyezi za paphewa.
Apa pokha anaseka limodzi,
mano asanu ndi awiri pakati pa anthu awiri.

Kumzere wa penshoni, akutero,
kamtsikana ka pawindo sikaona mkono wa munthu.
Onse kamawatchula sekuru,
onse kamawauza kuti abwerenso mawa.

Ndinafunsa ine, poti pakamwa panali patapepuka:
nanga malemuwo anali ndi mizere ingati?

Zii.
Kombi inadutsa, fumbi linakhala pa nsalu.

Analibe, anatero Mtambalika.
Zaka makumi awiri ndi ziwiri, mkono uli mbee.
Anampatsa umodzi, anamulanda pa Khirisimasi
chifukwa cha botolo ndi chipewa cha meja.
Koma ndi iye anandibereka kumsana
mwendo uwu utasanduka nsanza,
akunditukwana njira yonse kuti ndisagone.

Chidzanja anayang'ana ku mafulati a Matapi,
kumene zovala zinayanikidwa m'mawindo osweka.
Ine ankandisungira fodya, anatero.
Wapansi, kusungira fodya wa ndege.
Sindinamubwezere.

Ndinawaimiritsa kuti ndiwayeze.
Majekete anasokedwera anthu ena,
anyamata a zifuwa ngati zitseko za sitolo.
Apa mapewa atsika zala zinayi,
manja a malaya akumeza zikhatho.
Ndinalemba ndi choko, ndinabaya mapini,
onse anaima njo, chibwano m'mwamba,
ngati ine telala ndine kenolo.

Ulusi wagolide unatha kalekale m'tauni muno.
Ndasokera wachikasu, wa mayunifolomu a sukulu,
mpukutu umodzi majekete onse awiri.
Dola imodzi aliyense. Chidzanja walipira theka.

Za amene ayende pafupi ndi bokosi sanamalize.
Ndawaona akuwoloka msewu wa ku Musika,
wa ndege atagwira chigongono cha wapansi,
akukanganabe,
mwendo wabwino ndi wopunduka
zikugunda pansi nthawi imodzi.